Mo Ibrahim, mwini Celtel uja: tiwauze chiyani ana athu a m'chigwa muno?

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera kudzapempha nzeru. Lachisanu likudzali pasukulu pathu tikucheza ndi ana a Folomu 3 ndi 4 za ntchito zam'tsogolo, ndipo ine andipatsa gawo la uinjiniya. Ndasankha kuwafotokozera mbiri ya Mo Ibrahim, bambo amene anayambitsa Celtel, kampani ya mafoni a m'manja ija yomwe lero ndi Airtel. Anabadwa mu 1946 kumpoto kwa dziko la Sudan, ndi wa mtundu wa anthu a ku Nubia, okhala m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Anakulira mumzinda wa Alexandria ku Egypt, komwe bambo ake ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ya thonje. Kumeneko ndi komwe anatengera digiri yake yoyamba ya uinjiniya wa zamagetsi, kenaka n'kubwerera kwawo kukagwira ntchito ku kampani ya boma ya matelefoni. Mu 1974 ananyamuka ulendo wa ku England kukawonjezera maphunziro, ndipo kumeneko ndi komwe anakhazikika.

Chomwe chandigwira mtima n'chakuti ndi mwana wa dziko lotentha, la m'mbali mwa mtsinje, woleredwa ndi ndalama ya thonje ngati ambiri a ife. Koma ndili ndi mantha amodzi. Ndikawauza ana mbiriyi, sakamva kuti njira yokhayo yotukukira ndi kuthawa kwanu? Ndithandizeni pamenepo.

Wakabaza pa Sorgin:
Aphunzitsi, zoona zimenezi? Ine chibadwire ndimangoti Celtel inali ya azungu. Kani mwini wake anali wakuda ngati ife tomwe?

Mbuya wa ku Tengani:
Mwana wanga wa pa Sorgin, anali mu Africa mnzathu ndithu. Ine ndinagwira ntchito ku positi mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndikukumbutseni komwe tachokera, chifukwa achinyamatanu mumangoona foni ili m'thumba ngati inamera yokha. Kale maliro akachitika kuno ku Tengani, mwana ali ku Blantyre kapena ku migodi, tinkatumiza telegalamu, apo ayi uthenga wa pa wailesi ya MBC. Nthawi zambiri munthu ankafika mwambo wonse utatha, kudzangoonetsedwa manda. Lamya inali ku positi, kupolisi, kuchipatala, kwa DC ndi m'masitolo owerengeka. Ukalembetsa kuti akukokere waya kunyumba unkadikira mpaka kuiwala kuti unalembetsa.

TNM ndiyo inayamba, mu 1995, koma foni zake poyamba zinali za mabwana a m'tauni. Celtel inalowa mu 1999. Atakhala awiri m'pamene anayamba kulimbirana makasitomala, nsanja n'kuyamba kutsika Thabwa kubwera kuno kwathu. Sizinafike tsiku limodzi ayi. Panapita zaka anthu akukwera pa chulu kapena mumtengo kusaka netiweki. Koma kuyambira pamenepo mwana wa ku Joni amamva za matenda a mayi ake tsiku lomwelo. Kwa ine nkhani ya bamboyu imayambira pamenepo.

Wa pa Nsanja (Bangula):
Takhuta Mbuya. Aphunzitsi, ine ntchito yanga ndi yokonza zipangizo za pa nsanja za netiweki, choncho ndikupemphani chinthu chimodzi: musakathamangire ku mabiliyoni. Aliyense akamakamba za Mo Ibrahim amayambira pa ndalama zomwe anagulitsira kampani. Ana akafunika amve zaka zomwe munthuyu anakhala akulimbana ndi funso limodzi lokha.

Atafika ku England anachita digiri yachiwiri ku yunivesite ya Bradford, kenaka ya udokotala ku Birmingham. Nthawi imeneyo foni ya m'manja kunalibe m'masitolo. Iye ankafufuza momwe mafunde a wailesi amayendera munthu akamasuntha: akalowa kuseri kwa nyumba zitalizitali chimachitika n'chiyani, akatsikira kuchigwa mphamvu yake imatsika bwanji, nanga mafunde omwewo ungawagwiritsenso ntchito pa mtunda wotalika bwanji osasokonezana. Funso lomalizali ndilo mtima wa foni ya m'manja. Boma limapatsa kampani mafunde ochepa, ndiye kampaniyo imayenera kuwabwerezabwereza pa nsanja zosiyanasiyana. Zili ngati ng'ombe ziwiri za dzina limodzi: imodzi ikakhala ku Ngabu ina ku Miseu Folo palibe vuto, koma makola akayandikana, ukaitana imodzi zimabwera zonse. Injiniya ndiye amawerengera kuti nsanja iyi ikhale apa, italike chonchi, iyang'ane uku, igwiritse mafunde awa.

Mu 1983 British Telecom inamutenga kukhala mkulu woona za luso ku Cellnet, kampani yawo ya mafoni a m'manja, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1985. Tangoganizani, mlendo wochokera ku Sudan ndiye ankatsogolera gulu loyala netiweki ya m'dziko la eni ake. Mu 1989 anasiya ntchito yabwinoyo n'kutsegula kampani yakeyake, MSI. Sinkagulitsa mafoni. Inkagulitsa nzeru zomwezi kwa makampani ena, ndipo inapanga pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Planet, yomwe umaipatsa mapu a dera, mapiri ndi nyumba zake, iyo n'kukuonetsa komwe netiweki idzafike ndi komwe idzasowe, usanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Kuno kwathu ntchito imeneyi imaoneka ndi maso. Pansi pano m'chigwa n'pathyathyathya, nsanja imodzi imafika kutali. Koma kwerani ku Chididi, ku Lulwe kapena mbali ya kwa Chapananga, mudzapeza mudzi wina uli ndi netiweki yodzadza, wina kuseri kwa phiri lomwelo ulibiretu. Si matsenga, ndi masamu.

Amayi a Tadala (Dyeratu):
Achimwene a pa nsanja, ndiye kuti kampani yake yoyamba anaitsegula ali ndi zaka 43? Ine ndinkaganiza kuti anthu a makompyutawa amalemera adakali anyamata.

Wa pa Nsanja (Bangula):
Eya mayi, 43. Ndipo za Celtel anaziyamba mu 1998, ali ndi zaka 52, imvi zitayamba kale.

Amayi a Tadala (Dyeratu):
Ndafunsira dala. Mtsikana wanga ali chaka chachitatu ku yunivesite ya MUBAS, akuphunzira zomwezi zamagetsi. Tagulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti afike pamenepo. Masiku ano akabwera ku holide nkhani yake ndi imodzi, yofunafuna sikolashipi ya kunja. Bambo ake akuti apite. Ine mtima sukundilola, chifukwa ndaona ana a eni ake akupita osabweranso, makolo n'kumakalamba okha. Ndiye mukamamutama bamboyu ndikumvetsera ndi makutu awiri.

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Amayi, mantha anuwo ndi oona, musalole wina akunyengerereni. Ine ndikulemba ndili kunja komweko ndipo ndikudziwa momwe zimakhalira. Tiyeni tikambe chilungamo. Mo Ibrahim anachoka ku Sudan mu 1974 ndipo sanabwererenso kukakhala. Ndi nzika ya Britain, mpaka mu 2023 anamupatsa ulemu wa u Sir. Likulu la Celtel silinali ku Khartoum, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, linali ku Netherlands. Mu 2005 anaigulitsa kwa MTC ya ku Kuwait pa mtengo wa madola 3.4 biliyoni. A ku Kuwait anaisintha dzina kukhala Zain, ndipo mu 2010 anaigulitsanso kwa Bharti Airtel ya ku India pa madola 10.7 biliyoni. Mwaona? Mtengo unakwera katatu pa zaka 5 zokha. Anaukweza ndani? Ife ogula mayunitsi a K50 ndi K100 tomwe, asodzi a ku Elephant Marsh ndi odula nzimbe a ku Nchalo. Koma phindu lake linadutsa pamwamba pathu, kuchoka ku Amsterdam kupita ku Kuwait mpaka ku Delhi.

Sindikunena kuti ndi munthu woipa. Ndikunena kuti akanakhala ndi mtima umene mukumupatsawo, akanaisunga kampaniyo m'manja mwa anthu a mu Africa.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Achimwene, paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Akanakhala ku Khartoum, luso limene a pa nsanja afotokozali akanalitenga kuti?

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Kalumoko anabwera nako, sindikukana aphunzitsi. Funso langa ndi lakuti atameta anakasiya m'manja mwa yani.

Akauntanti wa ku Fatima:
Ndiloleni ndilowepo, chifukwa mbali ya ndalamayi ndi yomwe ndimaitsata. Achimwene a ku Makhanga manambala anu ndi olondola, koma mwadumpha chomwe chinachititsa.

Mu 1998 makampani akuluakulu a mafoni a ku Ulaya, omwe MSI inkawagwirira ntchito, sankafuna kumva za Africa. Ankaopa nkhondo, umphawi ndi katangale. Maboma a kuno ankaitana anthu kuti adzatenge ziphaso zoyendetsera netiweki, obwera n'kumasowa. Mo Ibrahim ndiye anati ine ndipita. Koma netiweki imadya ndalama usanapeze ngakhale tambala: chitsulo cha nsanja, jenereta, mabatire, msewu wokafika pa phiripo, mlonda, dizilo mwezi ndi mwezi. Mabanki a zamalonda ankakana kubwereketsa, kapena ankafuna chikole choposa ngongoleyo. Anthu amene anayika ndalama zawo anali mabungwe a chitukuko monga CDC ya ku Britain ndi IFC ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, pamodzi ndi makampani ena oyika ndalama m'mabizinesi. Oterewa salowa kuti akhalemo mpaka kalekale. Amalowa ndi pangano lakuti pakapita zaka adzagulitsa gawo lawo. Choncho pofika 2005, kampani ili m'maiko 13, panali njira ziwiri: kuyika masheya pa msika kapena kugulitsa yonse. Ankakonzekera zopita pa msika wa masheya ku London pamene ogula anabwera ndi mtengo wabwino.

Nanga mu Africa muno ndani anali ndi madola 3.4 biliyoni m'thumba nthawi imeneyo? Owerengeka kwambiri, makamaka kumene mulikoko ku South Africa. Vuto limenelo si la Mo Ibrahim yekha, ndi lathu tonse, kuti ndalama zathu za penshoni ndi za inshuwalansi sizinali zokwana kugula chinthu chotere.

China chomwe simunatchule: ku MSI ndi ku Celtel komwe, antchito ankapatsidwa masheya. MSI itagulidwa ndi Marconi mu 2000, komanso Celtel itagulidwa mu 2005, antchito analandira gawo lawo, ena mpaka kusanduka mamiliyoneya a madola. Ndi mabwana angati kuno kwathu amene amagawira antchito umwini wa kampani?

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Za masheya a antchitozo ndazilemekeza. Koma antchito ndi ochepa, ogula mayunitsi ndife mamiliyoni.

Akauntanti wa ku Fatima:
N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa anthu za msika wathu wa masheya. TNM ili pa Malawi Stock Exchange kuyambira 2008. Airtel Malawi inagulitsa magawo 20 pa 100 aliwonse kwa anthu mu 2020. Khomo lilipo, ngakhale n'lopapatiza. Funso n'lakuti mwa ife a m'chigwa muno, amene amagulitsa ng'ombe pa msika wa Ngabu kapena kulandira ndalama za nzimbe ku Kasinthula ndi ku Phata, ndi angati anauzidwapo kuti akhoza kugula?

Nangondo wa pa Nchalo:
Pepani akuluakulu, ine za mabiliyoni zikundipitirira, ndikambe zomwe ndikuzidziwa. Ndinayamba ndi tebulo ndi ambulera pa Nchalo, kuimbitsa foni pa mphindi, nthawi ya ma byulo ija. Kenaka makadi okala. Lero ndili ndi kashopu kotumizira ndi kutapitsa ndalama. Ana anga onse aphunzira ndi ntchito imeneyi, mwamuna wanga atamwalira.

Chimene ine ndimaona kuti anthuwa anaganiza bwino ndi kulipiriratu. Akanati foni ikhale ya bilu ya pamwezi ngati madzi, ndani kuno akanaipeza? Munthu wa ganyu alibe akaunti ku banki, alibe keyala, ndalama yake imabwera lero mawa ayi. Koma kakadi kakang'ono amakwanitsa. Mayi wogulitsa mlamba wowamba amaimba kaye ku Limbe kufunsa mtengo asanakwere minibasi. Mlimi wa thonje amafunsa mnzake wa msika wina kuti kumeneko akugula bwanji. Achimwene a ku Joni, ndalama zomwe mumatumiza kwanu ku Makhanga zimadzera m'manja mwa anthu ngati ine. Ndiye phindu lina linatsala pansi pano, lisakuchepereni.

Wakabaza pa Sorgin:
Apo mwanena zoona achemwali. Ine makasitomala anga ambiri amachita kundiimbira. Foni ikathima tsiku limenelo kunyumba sikuphikidwa.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Pali mbali ina yomwe ndikufuna ndimve maganizo anu, ya ziphuphu. Mo Ibrahim wakhala akunena poyera kuti Celtel inakana kupereka ziphuphu, ndipo sanangodalira kulalikira. Anakhazikitsa lamulo lakuti ndalama iliyonse yoposa madola 30,000 isatuluke popanda chilolezo cha bodi yonse. Ndiye nduna kapena mkulu wa boma akapanikiza bwana wa Celtel m'dziko lina, bwanayo ankangoyankha kuti ndilembera bodi. Mu bodimo munali nthumwi za mabungwe aja atchulidwa ndi akauntanti. Wopempha chiphuphu safuna dzina lake lilembedwe pa pepala lopita kwa anthu oterowo, ndiye nkhani inkathera pomwepo.

Ine zimenezi zimandisangalatsa chifukwa ndi maganizo a injiniya. Sanayembekezere kuti wantchito aliyense akhale wolimba mtima payekha. Anakonza dongosolo lomutchinjiriza wantchitoyo.

Nangondo wa pa Nchalo:
Aphunzitsi, zimenezo ndiye mukawauze anawo mobwereza. Ine pomwe ndinkafuna chikalata cha malo a kashopu kanga, pa ofesi ina anandizungulitsa mpaka nsapato kutha, kudikira kuti ndipereke ya fanta. Ndinalibe bodi yoti ndiilembere. Wamng'ono amapereka chifukwa ali yekha. Mwina ife a mashopu tikanakhala ndi gulu lolimba, lomwe lamulo lake n'lakuti aliyense akapemphedwa kanthu azikanena kugulu, bwenzi zikuchepa.

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Apa sinditsutsa. Ndingowonjezera kuti kukana chiphuphu n'kophweka ukakhala ndi IFC kumbuyo kwako. Achemwali a pa Nchalo anena bwino, wosauka alibe pothawira.

Mbuya wa ku Tengani:
Ana inu, ndikufuna ndikambe za mphotho ija, chifukwa ambiri amainyoza osaganiza. Mo Ibrahim atagulitsa Celtel anakhazikitsa bungwe lake mu 2006. Bungweli limachita zinthu ziwiri zikuluzikulu. Limayeza momwe maiko onse a mu Africa akulamuliridwira, poona chitetezo, malamulo, ufulu, chuma, sukulu ndi zipatala, n'kutulutsa mndandanda. Komanso limapereka mphotho kwa mtsogoleri wa dziko amene anasankhidwa ndi anthu, walamulira bwino, ndipo wachoka pa mpando nthawi yake itakwana. Mphothoyo ndi madola 5 miliyoni pa zaka 10, kenaka madola 200,000 chaka chilichonse moyo wake wonse.

Woyamba kuilandira mu 2007 anali Joaquim Chissano wa ku Mozambique. Inu achichepere dzina limeneli ndi la m'buku, koma ife a ku Nsanje tinaiona nkhondo ija ndi maso. Mfuti zinkamveka tsidya la Shire. Anthu ankawoloka usiku pa mabwato, ana kumsana, opanda kanthu m'manja. Ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu ndi kuno ku Tengani kunali misasa yodzadza, mpaka m'boma lino othawa kwawo anachuluka kuposa eni mudzi. Dziko lonse la Malawi linasunga anthu oposa 1 miliyoni. Nkhuni zinatha, mitengo inapita. Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu lomwe linkamenyana ndi boma, atasayina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, abale athu aja anayamba kubwerera kwawo. Ndipo Chissano nthawi yake itatha anatula pansi udindo mwamtendere. Munthu wotere kumuthokoza n'kulakwa?

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Mbuya, ndi ulemu wonse, mtendere umenewo ndimauyamikira, agogo anga aakazi anali a tsidya lomwelo. Koma madola 5 miliyoni kupatsa munthu amene ali kale ndi penshoni, nyumba ndi alonda? Ndalama imeneyo ingamange zipatala zing'onozing'ono zingati ku East Bank? Kodi mtsogoleri azilipidwa chifukwa chosaba ndi chifukwa chotsatira malamulo omwe analumbira yekha?

Akauntanti wa ku Fatima:
Funso limenelo anthu ambiri amufunsapo. Ganizo lake n'lakuti mtsogoleri wa ku Ulaya akapuma amapeza ndalama polemba mabuku ndi kuyankhula m'misonkhano, pamene wa kuno amaopa umphawi ndi adani, ndiye amakakamira mpando. Mukhoza kugwirizana nazo kapena ayi. Ine chimene chimandikhutiritsa ndi zaka zomwe mphothoyi sinaperekedwe. Pambuyo pa Chissano analandira Festus Mogae wa ku Botswana mu 2008, Pedro Pires wa ku Cape Verde mu 2011, Hifikepunye Pohamba wa ku Namibia mu 2014, Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia mu 2017 ndi Mahamadou Issoufou wa ku Niger mu 2020. Werengani mipata ili pakatiyo. Komiti ikalengeza kuti chaka chino palibe woyenera, uthengawo umapweteka kuposa ndalamayo. Ndipo kuno kwathu palibe mtsogoleri amene anailandirapo.

Mbuya wa ku Tengani:
Mwana wanga wa ku Makhanga, chipatala chimamangidwa ndi ndalama, koma chimagwetsedwa ndi ulamuliro woipa. Tsidya lija zipatala zinalipo, nkhondo inaziotcha. Ine ndaona zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndikuima pomwe ndaimapa.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Achimwene a ku Makhanga, pali kanthu kena ka anthu a mtundu wa Mo Ibrahim komwe ndikuganiza kuti kakukhudzani. Egypt itamanga damu lalikulu la Aswan m'zaka za m'ma 1960, madzi anabwerera m'mbuyo n'kumiza midzi ya a Nubia, kuphatikizapo tauni ya Wadi Halfa ku Sudan. Anthu pafupifupi 50,000 a mbali ya Sudan anasamutsidwira kutali kum'mawa, ku malo omwe anawatcha New Halfa, kusiya mitengo yawo ya kanjedza ndi manda a makolo pansi pa madzi. Iye nthawi imeneyo anali ku Alexandria, koma dera la makolo ake ndi limenelo.

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Aphunzitsi, apo mwandikhudza pamtima. Ife a ku Makhanga chiyambire 1997, pomwe madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, takhala ngati a pa chilumba. Mu 2015 Ruo anasintha njira n'kulowa m'midzi. Kenaka anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Nthawi zonse amatiuza kuti samukirani kumtunda, ngati kusamuka n'kungonyamula mphasa. Kumtundako dimba lili kuti? Manda a bambo anga ndiwanyamula? Ine kubwera kuno ku Joni sikunali kufuna, munda unakwiririka ndi mchenga. Ndiye ndikamalankhula zowawa za anthu ochoka kwawo, ndikudziwerengera ndi ine ndemwe. Usiku wa Freddy ndinagona ndi foni m'manja, kuimbira mayi anga osapezeka. Atapezeka anali pa sukulu ina pamodzi ndi anthu ena, amoyo. Mawu awo ndinawamva chifukwa cha nsanja zomwezo, zimenezo sindingakane.

Wa pa Nsanja (Bangula):
Pepani achimwene, Mulungu asunge mayi. Ndikuuzeni chomwe chimachitika nthawi ngati imeneyo, chifukwa Amayi a Tadala chikuwakhudzanso. Nsanja siigwa kawirikawiri. Chomwe chimapha netiweki ndi magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo zinatenga nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Magetsi akathima nsanja imayendera mabatire, akatha imadalira jenereta, dizilo akatha basi. Ndipo msewu wa M1 ukaduka, galimoto ya dizilo siidutsa. Chinanso, nsanja zambiri zimapatsirana mauthenga ngati unyolo, kudzera m'timbale tija timayang'anana. Imodzi ya pakati ikathima, zonse za kumunsi kwake zimakhala chete ngakhale zili bwinobwino.

Mavuto amenewa ndi omwe Celtel inakumana nawo pachiyambi ku Sierra Leone, ku Chad ndi ku Congo, komwe kunalibe magetsi odalirika ngakhale misewu. Ankayenera kudzipangira okha zonse. Kinshasa ndi Brazzaville ndi mizinda yoyang'anana, pakati pali mtsinje wa Congo basi, koma foni yochoka uku kupita uko inkazungulira ku Ulaya, mtengo wake wosaneneka. Celtel inalumikiza mbali ziwirizo mwachindunji. Luso lake silinali lovuta, chovuta chinali kugwirizanitsa maboma awiri. Ife a ku Marka ndi ku Nsanje boma tikuzidziwa, munthu amayenda ndi masimukhadi awiri, ya kuno ndi ya ku Mozambique, kuti alankhule ndi m'bale wake amene akumuona tsidya.

Ndiye mayi, ntchito ya mwana wanu ilipo kuno: sola ya pa nsanja, mabatire oikidwa pamwamba pomwe madzi safika, zipangizo zoyeza madzi a Ruo ndi Mwanza n'kuchenjeza anthu pa foni madzi asanafike, mapampu ndi zitseko za ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ija. Koma kuti akaigwire bwino, mwina ayenera kukaona kaye momwe ena amachitira. Ine ndikanati apite, koma asankhe phunziro lomwe lili ndi ntchito kuno, ndipo alizame mpaka pansi.

Amayi a Tadala (Dyeratu):
Achimwene mwandifotokozera bwino, koma Mo Ibrahim wanuyo anatenga zaka 24 kuchokera pomwe anachoka mpaka pomwe anayamba Celtel. Ine zaka 24 ndidzakhala ndilipo?

Mbuya wa ku Tengani:
Mayi, funso limenelo palibe angakuyankheni pano. Ine wanga wachiwiri ali ku Leeds, ndi namwino. Amaimba Lamulungu lililonse, adzukulu ndimawaona pa foni. Sizofanana ndi kukhala nawo pakhonde, ndisakunamizeni. Koma sindinamuletse, ndipo nyumba yomwe ndikugonamo anamanga ndi iyeyo.

Nangondo wa pa Nchalo:
Amayi a Tadala, mukhale naye pansi mwanayo, bambo ake ali pomwepo, mumuuze mantha anu momwe mwatiuzira ifemu. Ana athu amaganiza kuti tikukaniza mwayi, pamene ife tikungoopa kufa osawaona.

Mwana wa ku Makhanga (Johannesburg):
Ndipo akapita apite ndi mapepala oyenera, sukulu itamulandira kale ndi ndalama yolipirira itadziwika. Asadzere njira yomwe tinadzera enafe. Achimwene a pa nsanja, zoyezera madzi a Ruo mwatchulazo zandigwira. Kuti chipangizo chimodzi chiikidwe cha ku Sankhulani, chizitumiza uthenga ku mafoni a mafumu ndi a komiti ya ngozi za m'mudzi, pangafunike chiyani? Ife a ku Makhanga tili kuno tili ndi kagulu kathu kosonkherana za maliro, mwina tikhoza kuyambira pamenepo.

Wa pa Nsanja (Bangula):
Chipangizo chenichenicho si chovuta: choyezera kutalika kwa madzi, kasola kakang'ono, batire ndi simukhadi. Zovuta ndi zitatu. Pamalopo pakhale netiweki yosadukaduka, pakhale munthu wa m'mudzi womwewo wochisamala kuti sola isabedwe, ndipo a khonsolo, a zamadzi ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) adziwe, kuti uthenga wake ulowe m'dongosolo lomwe lilipo kale, usamasokoneze anthu. Yambani mwafunsa a komiti ya kwanuko ngati pali kale choyezera chomwe anthu amawerenga ndi maso, ndi amene amachiwerenga. Mukandiuza zimenezo ndidzakuwerengerani zofunika ndi mitengo yake, ndipo ulendo wanga wotsatira wa ku East Bank ndikayeza mphamvu ya netiweki pamalopo.